Magazi akasowa njira: kulambalala mtsempha wa mtima popanda kung'amba chifuwa

Bambo anga ndi munthu wa njinga. Atapuma pa ntchito ya uphunzitsi anapitiriza kupalasa m'mawa uliwonse kupita kudimba, ndipo Lamulungu ankakwera chitunda cha ku tchalitchi osatsika. Chizindikiro choyamba, chimene tinachiona koma osachimvetsa, chinali chakuti anayamba kutsika panjinga pakati pa chitundacho, n'kumaikankha pang'onopang'ono, kenako n'kuima pamthunzi wa mtengo wa mango atagwira pachifuwa. Tikawafunsa ankati, "Palibe kanthu ana inu, kungoti pachifuwa pano pakukhala ngati munthu wandisanjika thumba la chimanga." Akapuma kwa mphindi zochepa kulemerako kunkachoka. Kwa miyezi yambiri ankalandira mankhwala a zilonda za m'mimba, ndipo tonse tinakhulupirira kuti vuto lili m'mimba, mpaka mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anaumirira kuti apite kumeneko akapimidwe mtima.

Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba mitsempha ya mtima wa munthu wamoyo. Mtima umadzaza magazi usana ndi usiku, komabe mnofu wake sudya magazi amene akudutsa m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake, imene imachokera patsinde la mtsempha waukulu wotchedwa aorta n'kuyanga pamwamba pa mtimawo monga mizu ya kachere iyangira pathanthwe. Ulipo wakumanja, ulipo wakumanzere, ndipo wakumanzerewo umagawika pawiri, nthambi ina kutsika chakutsogolo, ina kuzungulira chakumbuyo. Kukula kwake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha, ngati kachubu ka inki ka m'kati mwa bolopeni. Pofuna kuiona, madokotala amalowetsa catheter, kachubu katali kofewa, mumtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche, n'kuiyendetsa mpaka pakhomo pa mitsempha ya mtimayo, kenako amapoperamo mankhwala amene amaoneka akuda pa X-ray. Mbali yakumanzere ya mtima wa bambo inadzaza bwino, nthambi zonse kuoneka ngati mtengo woyoyoka masamba m'chilimwe. Mtsempha wakumanja unangoyamba pang'ono n'kuthera panjira ngati chitsa.

Adokotala anabwereza chithunzicho n'kutiuza kuti tisachotse maso msanga. Patapita kamphindi, kumunsi kwa chitsa chija kunayamba kuoneka mzere wotuwa, wosaoneka bwino, ukudzaza chobwerera. Magazi anali akufika kumeneko kuchokera kumanzere, kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono tokhotakhota timene thupi linatikulitsa lokha m'miyezi imene mtsempha unkatsekeka pang'onopang'ono. Bambo, amene anali chete nthawi yonseyi, anangoti, "Madzi saiwala khwawa." Tinjira timeneti ndi timene tinasunga mnofu wa mtima wawo kuti usafe, ndipo tinkakwanira iwo akakhala pansi. Akayamba chitunda, mtima unkafuna magazi ochuluka kuposa amene tinjirato tikanapereka, ndipo thumba la chimanga lija linkabwera. Mtsempha ukatsekekeratu chotere kwa miyezi yoposa 3, mafuta amene anautseka amakhala ataumbika, nthawi zambiri atasakanikirana ndi calcium n'kulimba ngati mwala. Madokotala amatchula vuto limeneli mwachidule kuti CTO.

Funso loyamba la bambo linali limene aliyense akanafunsa: "Ndiye mung'amba pachifuwa?"

Amene anayendapo pa msewu wa Bypass ku Lilongwe akudziwa kale tanthauzo la liwuli: m'malo molimbana ndi mothinana m'kati mwa tauni, umalambalala n'kukalowanso mumsewu waukulu patsogolo. Opaleshoni ya bypass ndi yomweyo. Dokotala wa ku Argentina, René Favaloro, ali ku Cleveland Clinic ku America, ndiye anaikhazikitsa kuyambira mu 1967 potenga mtsempha wa m'mwendo n'kuulumikiza kuchokera ku aorta kukafika kuseri kwa malo otsekeka. Masiku ano amakondanso kugwiritsa ntchito mtsempha wa m'kati mwa khoma la chifuwa, chifukwa umakhalitsa zaka zambiri osatsekeka. Ndi opaleshoni yabwino, ndipo sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti inatha ntchito. Kafukufuku wotchedwa FREEDOM, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anasonyeza kuti anthu odwala shuga amene mitsempha yawo ingapo yawonongeka amapindula kwambiri ndi opaleshoniyi kuposa njira za catheter. Koma mtengo wake pathupi ndi waukulu: amacheka fupa la pakati pa chifuwa, nthawi zambiri amaimitsa mtima n'kupereka ntchito yake ku makina, ndipo wodwala amatenga milungu yambiri kuti achire. Kwa bambo, mtsempha wotsekeka unali umodzi wokha, ndipo mapapo awo anafooka ndi TB imene anadwala kalekale. Madokotala atakambirana anati ayambe ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo atalephera kuchotsa ululu, anati ayese kudzera m'kati.

Kudzera m'kati kuli ndi mbiri yake, imene ndinaiwerenga usiku wina tulo titandithawa. Mu 1929, ku Eberswalde m'dziko la Germany, dokotala wachinyamata Werner Forssmann anadzilowetsa yekha kachubu mumtsempha wa pamkono mpaka kanafika mumtima mwake, n'kudzijambulitsa pa X-ray kuti anthu akhulupirire. Analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1956. Mu 1958, Mason Sones wa ku Cleveland anapopera mwangozi mankhwala ojambulira aja mumtsempha wakumanja wa mtima wa wodwala wina, wodwalayo n'kupulumuka, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika kuti mitsemphayi ingajambulidwe mwachindunji. Pa 16 September 1977, ku Zurich, Andreas Grüntzig anakulitsa mtsempha wopanikizika wa bambo wina wa zaka 38 pofufumitsa kabaluni m'kati mwake, munthuyo ali maso. Tibaluni take toyambirira ankatipangira patebulo la kukhitchini kunyumba kwake. Vuto linali lakuti mitsempha yambiri inkapanikizikanso pakapita miyezi, ndipo n'chifukwa chake mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anayamba kusiyamo stent, kaukonde kachitsulo kooneka ngati chubu, koti kazichirikiza khoma la mtsempha. Cha m'ma 2002 ndi 2003 kunabwera ma stent opakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera mopitirira m'kati mwake.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, chakuti pakhale kampata, ngakhale kakang'ono bwanji, koti waya adutsepo. Wayayo ndi woonda kwambiri, wosakwana theka la milimita, ndipo kabaluni ndi stent zimatsetsereka pa iye monga zovala zitsetserekera pachingwe choyanikira. Waya akapanda kudutsa, palibe chimene chingachitike. Apa ndi pamene mtsempha wa bambo unavutira. Ulendo woyamba madokotala anayesa kuboola chotsekacho kuchokera kutsogolo kwa nthawi yoposa ola, waya n'kumangopindika, ndipo anasiya dala poopa kuwononga impso ndi mankhwala ojambulira aja komanso kupitirira muyeso wa X-ray. Tsiku limenelo ndinakhumudwa kwambiri. Lero ndimaona kuti kudziwa poimira ndi mbali yaikulu ya luso limeneli, ndipo dokotala amene sadziwa kusiya ndi amene ndingamuope.

Chimene chinandichititsa chidwi kwambiri, ndipo ndicho chandilembetsa nkhani ino, ndi njira imene anagwiritsa ntchito ulendo wachiwiri. Khoma la mtsempha si chikopa chimodzi. Lili ndi magawo atatu osanjikizana, ndipo lakunja kwenikweni ndi lolimba komanso lotanuka. Kale waya akasochera n'kulowa pakati pa magawowa, madokotala ankati alakwitsa, n'kubweza wayayo. Pang'ono ndi pang'ono ena anazindikira kuti kusocherako kungasanduke njira. Ngati mwala wakana kuboola, waya angathe kuyenda m'mbali mwake, m'kati mwa khoma lenilenilo, n'kukalowanso m'njira ya magazi patsogolo pamene mtsempha uli bwino. Antonio Colombo wa ku Milan ndi anzake anafotokoza njira yotere pa mitsempha ya mtima mu 2005, ndipo pambuyo pake kunapangidwa zida zochitira zimenezi mwadongosolo, monga kabaluni kaphanthiphanthi kotchedwa Stingray, kamene kamakhazikika m'kati mwa khoma n'kulozera waya wakuthwa kumene njira yeniyeni ili. Uku ndi kulambalala kwenikweni, kungoti msewu watsopanowo ukukumbidwa m'mphepete mwa wakale, m'danga losakwana milimita, munthu akuyang'ana mthunzi chabe pagalasi.

Madokotala a ku Japan, makamaka Osamu Katoh ndi anzake, anawonjezera nzeru ina. Chotsekacho chimakhala cholimba kwambiri kumaso kwake, kumene magazi akhala akuchimenya mwamphamvu, koma kumbuyo kwake chimakonda kukhala chofewako. Choncho anayamba kulowetsa waya wachiwiri kuchokera ku mtsempha wa mbali inayo, n'kumudutsitsa m'tinjira tija timene thupi linadzipangira, kuti akafike kuseri kwa chotsekacho n'kuchilowa chobwerera. Waya wakutsogolo ndi wakumbuyo akayandikana m'kati mwa khoma, amafufumitsa kabaluni pa wakutsogoloyo kuti pakhale kachipinda, wakumbuyo n'kulowa m'menemo, ndipo njira ziwirizo zimasanduka imodzi. Adokotala anatijambulira zimenezi ndi bolopeni kuseri kwa pepala la zotsatira za magazi: mizere iwiri yoimira mtsempha, chibuluma chakuda pakati, mivi iwiri yochokera uku ndi uku ikukumana pamwamba pa chibulumacho. Pepalalo ndikusungabe.

Bambo analowa m'chipinda chija cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo anatuluka dzuwa litapendeka. Sanawagoneke tulo, anangowabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamanja onse awiri, pamene munthu amamanga wotchi, n'kulowetsa catheter imodzi kumanja, ina kumanzere. Kudzera padzanja chotere kunayambitsidwa ndi Lucien Campeau ku Montreal mu 1989, ndipo Ferdinand Kiemeneij wa ku Amsterdam anakugwiritsa ntchito potsegula mitsempha kuyambira mu 1992. Ubwino wake ndi wakuti wodwala sataya magazi ambiri ndipo amadzuka msanga. Ine ndi mchemwali wanga tinakhala pabenchi panja, tiyi wathu n'kuzizira m'makapu. Bambo anatisimbira pambuyo pake kuti chimene chinawavuta si ululu koma kugona chagada osagwedezeka kwa maola atatu, msana ukuwawa, makina aakulu akuzungulira pamwamba pa nkhope yawo. Ankamva madokotala akulankhulana motsitsa mawu, ndipo panthawi ina mtima wawo unadumphadumpha ngati nkhuku yogwidwa miyendo, namwino n'kuwagwira paphewa kuwauza kuti waya akudutsa m'kanjira kopapatiza ndipo zisiya posachedwa. "Ndinangoti kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, "koma ndinkanena za iwowo, osati za ine." Anawaika ma stent awiri otsatizana. Madzulo ake anali atakhala tsonga pabedi, manja onse atamangidwa timalamba tofufumitsa toletsa magazi, akumwa madzi kapu ndi kapu kuti impso zitsuke mankhwala aja.

Ndisaname, njira imeneyi ili ndi zoopsa zake, ndipo tinauzidwa zonse tisanasaine. Waya angaboole khoma n'kutulukira kunja, magazi n'kudzaza m'kathumba kamene kamakuta mtima mpaka mtimawo kulephera kufutukuka. Tinjira tija tingang'ambike, ndipo mtsempha wabwino umene waya wachiwiri akudzeramo ungavulale. N'chifukwa chake si dokotala aliyense woika stent amene amachita zimenezi. Zimafuna munthu amene amazichita kawirikawiri, pamalo pamene pali zida zotsekera chibowo mwamsanga.

Pali ena amene analingalira patali kuposa apa. Pambali pa mtsempha uliwonse wobweretsa magazi kumnofu wa mtima pamayenda mnzake wobweza magazi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo wobwezayo satsekeka ndi mafuta monga achitira winayo. Funso linali lakuti, bwanji osabwereka msewu wa mnansiyo? Claude Beck, dokotala wa opaleshoni wa ku Cleveland, anayesa ganizoli ndi mpeni m'zaka za m'ma 1940, koma linazirala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya ku California yotchedwa TransVascular inapanga catheter yokhala ndi kadiso koonera m'kati mwa mtsempha pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, komanso kasingano kotuluka cham'mbali. Ndi chida chimenechi ankaboola kuchoka mumtsempha wobweretsa magazi kulowa mu wobweza, n'kuikapo kachubu kolumikiza, kenako n'kutseka wobwezayo chakumtunda kuti magazi abwino asathawire kumene amapita nthawi zonse koma ayende chobwerera kukadyetsa mnofu. Njirayi inatchedwa PICVA. Stephen Oesterle ndi anzake analemba mu magazini ya Circulation mu 2001 za munthu woyamba kuthandizidwa motere, bambo wa zaka 53 wodwala shuga, ku Trier m'dziko la Germany, amene ululu wake wa pachifuwa unatha. Panalinso ganizo lina lotchedwa PICAB, loti magazi alowe mu wobwezayo kwa kamtunda kochepa chabe, alambalale chotseka, n'kubwereranso m'njira yawo.

Pamtima njira zimenezi sizinafike pokhala chithandizo cha masiku onse. Mitsempha yobweza magazi ili ndi makoma opyapyala osazolowera mphamvu yaikulu, ndipo mtima sukhululuka cholakwa chaching'ono. Koma ganizolo silinafe. Linatsikira kumiyendo, kumene malo ndi otakasuka. Mu 2023 boma la America linavomereza njira yotchedwa LimFlow, imene imapatutsira magazi abwino mumtsempha wobweza wa m'mwendo kuti akafike kuphazi la munthu amene akanadulidwa mwendo. Aliyense amene anaonapo wachibale wodwala shuga akutaya chala, kenako phazi, kenako mwendo, angamvetse chifukwa chake ndimaitsatira nkhaniyi ndi mtima wonse.

Kumayambiriro kwa 2026, akatswiri a National Institutes of Health, bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, ndi a Emory University ku Atlanta analengeza njira ina imene anaitcha VECTOR. Wodwala wake anali bambo wa zaka 67 amene valavu yake yoikirira, kachitseko kowongolera magazi potuluka mumtima kulowa mu aorta, inatha ntchito, ndipo kuika ina kudzera m'catheter kukanatseka khomo la mtsempha wa mtima, pamene kung'amba chifuwa sikukanatheka chifukwa cha matenda ena amene anali nawo. Madokotala anatsegula khomo latsopano pa aorta, pamwamba pa lakale, n'kulilumikiza ndi mtsempha wa mtimawo pogwiritsa ntchito ma stent okutidwa, zonse kudzera m'mitsempha ya m'miyendo. Ndi ntchito yodabwitsa, koma ndi chiyambi chabe, ndipo inapangidwira vuto lapadera. Munthu amene ali ndi mitsempha itatu yowonongeka asawerenge mutu wa nkhani yotere n'kukana opaleshoni imene madokotala amulangiza, poyembekezera chinthu chimene sichinayesedwe mokwanira.

Ndikunena izi chifukwa ndaona mmene mabanja athu amachitira akamva kuti wodwala wawo ali ndi mtsempha wotsekeka. Timasonkherana, timagulitsa ng'ombe kapena puloti, tikuyang'ana ku India kapena ku South Africa, ndipo pofika kumeneko timakhala titatsimikiza kale kuti popanda stent ulendo wapita pachabe. Zoona zake n'zosakanikirana. Munthu akagwidwa mwadzidzidzi ndi mtsempha umene watsekeka lero lomwe, kuutsegula m'maola oyambirira kumapulumutsa moyo, ndipo apa kutalika kwa mtunda pakati pa mudzi ndi chipinda cha catheter ndi kumene kumatipha. Koma pa matenda okhazikika, amene ululu umabwera pogwira ntchito n'kuchoka popuma, kafukufuku wamkulu wa COURAGE mu 2007 ndi wa ISCHEMIA mu 2020 anapeza kuti kuthamangira kutsegula mtsempha sikutalikitsa moyo kuposa kumwa mankhwala mokhulupirika. Chimene kutsegula kumachita bwino ndi kuchepetsa ululu ndi kubwezera munthu mphamvu zoyendera. Adokotala a bambo ananena zimenezi mosabisa: sanalonjeze zaka zowonjezera, analonjeza kuyesa kuwabwezera chitunda chawo. Ndinawalemekeza chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ndimalakalaka banja lililonse litafunsa funso limene ife tinachedwa kufunsa, lakuti kodi chimene mukufuna kuchitachi chithetsa ululu, chiteteza moyo, kapena zonse ziwiri.

Chinthu china chimene sitinachiganizire tikunyamuka ndi chakuti stent imapita nawe kumudzi pamodzi ndi udindo wake. Chitsulo chikakhala m'njira ya magazi, magaziwo amafuna kuundana pa icho mpaka mnofu utachikuta, ndipo akaundana mtsempha umatsekeka kamodzin'kamodzi, zimene zingaphe munthu. Choncho bambo anauzidwa kumwa aspirin ndi clopidogrel tsiku lililonse osadumphitsa kwa miyezi yonse imene adokotala analemba, kuwonjezera pa mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, a shuga ndi a BP. Aspirin amapezeka paliponse, koma clopidogrel tinamusowa kangapo pafupi ndi kwathu, ndipo mwezi wina mchemwali wanga anachita kutumiza mapaketi kudzera mwa munthu wokwera basi yochokera ku Johannesburg, ine n'kukadikira pa depoti mpaka usiku mapiritsi a bambo atatsala a masiku awiri. Kuyambira pamenepo timagula a miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo kakhadi kosonyeza mtundu wa ma stent ndi tsiku limene anaikidwa kamakhala m'thumba la malaya awo, kuti ngakhale wozula dzino adziwe asanawauze kusiya mankhwala alionse.

Bambo, pokhala mphunzitsi, anatenga kope la masamu n'kulemba mizere ngati kaundula wa kalasi: masiku kumanzere, mayina a mankhwala pamwamba, ndipo akameza piritsi amachonga. Pamanja pawo panatsala timadontho tiwiri tosaposa njere ya mapira, kamodzi kobisika pansi pa lamba wa wotchi. Ulendo wathawu nditapita kumudzi ndinawaperekeza ku tchalitchi, iwo panjinga yawo, ine pa yobwereka. Titafika pamtengo wa mango uja ndinachepetsa liwiro poganiza kuti aima, koma iwo anangoimirira pamapedulo, n'kundiuza osacheuka kuti, "Palasa mwana iwe, belu lachiwiri lalira kale."